Kaseti Yomwe Ndinaipeza M'jekete

Ine ntchito yanga inali ya utelala, ndipo mpaka lero, ngakhale maso anayamba kufooka, munthu akandidutsa kutsogolo chimene ndimayamba kuona si nkhope yake ayi, koma msoko wa malaya ake. Makina anga ndinkawaika pakhonde la golosale ina m'mphepete mwa msewu wopita ku boda, kwathu kuno ku Mwanza, zaka zija anzathu a ku Mozambiki anadzaza kuno pothawa nkhondo. Kunali anthu, inu! Ukapita kumsika kukagula tomato unkamva zilankhulo zitatu usanafike pa benchi yachiwiri.

Masiku amenewo tinalipo anthu atatu openga ndi gulu lina loimba la ku Mangalande, la amuna a tsitsi lofika m'mapewa, oimba nyimbo zija gitala amachita kulira ngati wapondedwa. Gululo linali litatha kalekale, koma kwa ife linali lamoyo ndithu. Woyamba ndinali ine. Wachiwiri anali a Kalaliki, amene ankagwira ntchito pa kampani ina yoombola katundu pa boda, munthu wamfupi, wa mawu ambiri, wosavomera kugonja ngakhale pa bawo. Wachitatu anali Aphunzitsi a ku pulayimale, munthu wodekha, wokonda kulemba chilichonse m'kope. Makaseti a gululo tinali nawo asanu, obwera ndi madalaivala a mathiraki. Loweruka lililonse masana ndikatseka makina, a Kalaliki ankabwera ndi wailesi yawo ya kaseti, Aphunzitsi ankabwera ndi mabatire amene awayanika padzuwa sabata yonse, ine ndinkapereka khonde ndi mabenchi. Kaseti ikatha tinkaibweza ndi bolopeni, kuopa kutha mabatire. Tsitsi lalitali nthawi imeneyo linali mlandu, mlendo akafika nalo pa boda ankametedwa pomwepo, ndiye ife tinkangosirira pa chithunzi cha pa kaseti, mitu yathu ili yometa bwinobwino ngati ana a sukulu.

Tsiku lina, kuzizira kutangoyamba, a Kalaliki anabwera ndi chijekete cha buluu, cholemera, cha thonje m'kati, mtundu uja ankavala anthu ogwira ntchito ya njanji. Anachigula pamsika kwa wogulitsa zovala, amenenso anachipeza kwa othawa kwawo. Manja ake ankawapitirira mpaka zala osaoneka.

"A Telala, dulani manjawa," anatero. "Ndiye kumsanaku kuli chinthu chikundibaya. Mwina ndi katoni ya ku fakitale. Chotsani."

Nditatembenuza jekete ija ndinaona kuti sizinali za ku fakitale. Pansi pa phewa, m'kati, panali msoko wa pamanja. Ulusi wake unali wosolola pa thumba la chimanga, koma kasokedwe kake, abale! Timizere ting'onoting'ono, tothithikana, tobwereza kawiri, ndipo pothera panali mfundo zitatu zondondozana. Chinanso, timizereto tinapendekera kumbali yosiyana ndi komwe tonse timapendeketsera. Telala aliyense akuuzani tanthauzo lake: wosokayo anali wamanzere. Ndinali nditasoka zaka zambiri, koma msoko umenewo ndinauchitira nsanje. Sindinafune kuuwononga, ndiye ndinadula kansalu konse ndi lezala mozungulira, msoko uli pomwepo. M'kati mwa thonje munali kanthu kokulunga m'pepala la pulasitiki ndi kansanza. Nditamasula, kaseti.

Ndinene zoona, ndinasangalala, komanso pomwepo mtima unandiluma. Munthu sasoka chinthu mwa mtundu umenewu ngati sakuchifuna. Kwinakwake, mwina pafupi pomwepa, panali munthu amene akulira kaseti imeneyi. Ndipo lamulo la utelala ndi limodzi: chimene wapeza m'chovala umabweza kwa mwini wake. Ndinawauza a Kalaliki zimenezi.

"Ndiye mwini wake ndi ndani? Si ine?" anatero. "Munthu akagula mbuzi ya bere, mwana amakhala wa ndani?"

Ndinawapatsa kaseti, ndinadula manja a jekete monga anafunira, koma kansalu ka msoko kaja ndinakasunga m'kadirowa ka makina.

Loweruka litafika tinaiika m'wailesi. Poyamba kunangomveka phokoso la mphepo, kenako timitengo ta ng'oma tinagogoda kanayi, kenako gitala. Aphunzitsi anagwetsa bolopeni. A Kalaliki anaimirira. Anali maimbidwe a gulu lathu lija, enieni, gitala wolira uja, ng'oma zothamanga zija, mawu a Chizungu okokera m'mphuno. Koma nyimboyo sitinaimvepo chibadwire. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Ndipo sizinali zosalala ngati za m'makaseti athu asanu aja. Ankati akaimba pang'ono n'kulekeza, wina n'kutsokomola, n'kuyambiranso. Pakati pa nyimbo ankalankhulana chapatali, mawu osamveka bwino. Chomveka bwino chinali kuseka kwa munthu mmodzi, kuseka kokwera m'mwamba, kodukaduka ngati ntchirichiri ya mwana wakhuta. Munthu ameneyo akaseka, nafenso tinkapezeka tikuseka osadziwa chomwe chaseketsa.

"Amuna inu," anatero a Kalaliki, "mukudziwa chimene tagwira m'manjamu? Izi ndi nyimbo zomwe sanazitulutse. Zoyeserera. Dziko lonse silinazimve, koma ife atatu a pa Mwanza."

Kuyambira tsiku limenelo makaseti asanu aja anapuma. Loweruka lililonse inali kaseti ya m'jekete, ndipo ikatha inali mikangano. Funso lalikulu linali lakuti, inafika bwanji ku Mozambiki? A Kalaliki ankati gululo linabwerako mwachinsinsi kudzasaka njati, n'kuiiwala kasetiyo m'hotela. Aphunzitsi ankati ayi, woyendetsa sitima ya pamadzi ndiye anaiba ku Mangalande n'kudzaigulitsa ku Beira. Ine ndinkati mwina wansembe wina anali mbale wa woimba gitala. Aliyense ankaumirira zake ngati analipo.

Panali zinthu zina zotivuta. Pa nyimbo yachinayi, gitala ali pakati polira, tambala analira. Tambala weniweni, kokoliriko wathunthu. Ine ndinati, "Koma a Kalaliki, m'nyumba yojambulira nyimbo ku London mungapezeke tambala?"

"Inu a Telala, kodi mazira amene azungu amadya m'mawa uliwonse mukuganiza kuti amachokera m'mitengo? Komanso ameneyo si tambala wamba. Anamuikamo dala. Ndi luso."

Pena, woimba atalakwitsa, wina anakuwa mawu amodzi amene ine ndinamva bwinobwino kuti ndi "iwe!" Ndinabweza ndi bolopeni katatu konse. A Kalaliki anapukusa mutu mondimvera chisoni. "Akuti awei, Chizungu chimenecho, kutanthauza kuti choka apa. Vuto lanu makutu anu anazolowera phokoso la makina."

Aphunzitsi iwo anali pa ntchito yolemba mawu a nyimbo m'kope. Inawasangalatsa kwambiri inali yachiwiri, imene inkati ugwedeze bwino usanatsegule, usunge pamalo pozizira, ana asafikepo. Anatifotokozera kuti imeneyi ndi ndakatulo yakuya, ikunena za mtima wa munthu amene ali m'chikondi. Anatenga theka la ola kutambasula, ife tikuvomera ndi mitu.

Ndiye panali mawu olembedwa pa kasetipo ndi bolopeni yofiira: NÃO APAGAR, pamwamba pa A woyamba pali kanjoka. Aphunzitsi anati ndi Chilatini. A Kalaliki, amene ankadzitama kuti Chipwitikizi amachidziwa pamene ankangodziwa moni ndi mayina a mowa, anayang'ana nati, "Chipwitikizi si chimenechi, ndikanadziwa. Ili ndi dzina la wojambula nyimbozi. Mmwenye wa ku London." Mayi a kunyumba kwanga, amene tsiku limenelo anatibweretsera mbatata yootcha, anasuzumira nati, "Inetu ndikuona ngati alemba kuti 'nawo apanga', kungoti wolembayo sukulu sanapite nayo patali." Tinawaseka mpaka misozi. Iwo anangotola mbale yawo nati, "Sekani, akatswiri."

Tangoganizani. Msewu wonse unali wodzaza ndi anthu odziwa Chipwitikizi, ena ankakhala pakhonde langa lomwelo kudikira zigamba zawo, koma sitinafunse ngakhale mmodzi. A Kalaliki analetsa. Ankati nkhani ikamveka, akuluakulu atilanda. Paja amati safunsa anadya phula, ife tinadya ndi chisa chomwe.

Kenako a Kalaliki anabwera ndi nzeru. Anati kasetiyo tiitumize ku Mangalande, kwa eni ake, pamodzi ndi kalata. Iwo akaona kuti chuma chawo chapezeka, atitumizira matikiti a ndege. Ku positi kuno sankakukhulupirira, ankati maphukusi amatsegulidwa. Ndiye anapangana ndi dalaivala wina wa thiraki, wodutsa ku Tete pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kuti akaiponye ku Harare. Dalaivalayo anati adzanyamuka Loweruka, patapita masabata atatu. Aphunzitsi anayamba kulemba kalata ya Chizungu cha mtengo wapatali. A Kalaliki anayamba kuphunzira kudya ndi foloko.

Ine ndege ndinkaifuna, ndisaname. Koma nthawi iliyonse ndikatsegula kadirowa kufuna singano, kansalu kaja kankandiyang'ana. Kaseti ikawoloka boda, basi, yapita, wosoka uja sadzaionanso. Ndinapita kwa wogulitsa zovala uja kukafunsa amene anamugulitsa jekete. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la nsomba imene anadya chaka chatha. "Achimwene, anthu onsewa? Bambo winawake, nthawi ya njala ija. Wamtali kapena wamfupi, kaya."

Ndinatsala ndi njira imodzi, yomwe ndimaidziwa: kufufuza msoko. Munthu wosoka chonchija sangasoke kamodzi kokha, ndipo pakati pa othawa kwawo panalibe chovala chopanda chigamba. Ndiye ndinayamba kuyendayenda mumsika, maso ali pa zigamba za anthu. Pa mzere wa kuchigayo, zigamba. Pa mjigo, zigamba. Kutchalitchi anthu akutseka maso kupemphera, ine maso ali pa mapewa a amene ali kutsogolo. Tsiku lina ndinatsatira bambo wina kuchokera pa sitolo mpaka pa depoti, nditawerama, ndikuyang'ana chigamba cha kumbuyo kwa buluku lawo. Anatembenuka mwadzidzidzi nati, "Kodi akulu, mwataya chiyani kumeneko?" Ndinachita kuthawa. Mayi a kunyumba atamva anati ndikadzamenyedwa sadzandiperekeza kuchipatala.

Masabata awiri anatha, osapeza kanthu. Ndinaona misoko yokhota, misoko ya ulesi, misoko ya waya, koma wamanzere uja ayi. Ndinayamba kudziuza kuti mwina mwini wake anapita kumsasa wina kutali, mwina anamwalira, mwina mbuzi ya bere ija a Kalaliki ananena zoona.

Lachiwiri la sabata yomaliza, m'mawa, kunabwera bambo wa makala. Simbi yanga inali ya makala, ndipo bambo ameneyu, wamtali, wosalankhulalankhula, wothawa kwawo amene anapatsidwa malo m'mudzi wina kwa Nthache, ankandibweretsera thumba Lachiwiri lililonse kwa chaka ndi miyezi. Ndikuchita manyazi kunena kuti nthawi yonseyo sindinawafunsepo kanthu kupatula za makala. Pofufuza zigamba ndinayang'ana tauni yonse, koma iwo sindinawayang'ane, chifukwa munthu amene umamuona sabata iliyonse sumuonanso. Tsiku limenelo anawerama kutsitsa thumba panjinga, phewa lawo linafika pamphuno panga penipeni. Pa phewapo panali chigamba. Timizere tothithikana, tobwereza kawiri, topendekera kumbali ina. Pothera, mfundo zitatu.

Ndinawagwira malaya. Anadzidzimuka, anayesa ndikufuna ndewu.

"Bambo, anasoka apa ndani?"

"Akazi anga."

"Ndi amanzere?"

Anandiyang'ana mwamantha. "Mwadziwa bwanji?"

"Munali ndi jekete ya buluu, yolemera?"

"Ya ku njanji. Ndinagulitsa nthawi ya njala." Anaima kaye, kenako anaseka pang'ono. "Jekete imeneyo inandivutitsa. Akazi anga atamva kuti ndagulitsa analira tsiku lonse, sabata yathunthu osandilankhula. Mpaka lero sindidziwa chifukwa. Jekete yotentha ngati ng'anjo, ine ndinkangotsamira pogona."

Pamenepo ndinadziwa kuti bamboyu sakudziwa chilichonse za kaseti. Sindinawauze. Mwina kunali kuopa a Kalaliki, mwina ndinkafuna kuti amve ndi makutu awo. Ndinangoti, "Loweruka masana mubwere pano ndi mayi. Musalephere, ndapota nanu."

Loweruka linafika. Thiraki ya dalaivala uja inali itaima kale patsidya pa msewu, akumanga matenti. A Kalaliki anafika atavala jekete ya buluu ija, dzuwa likuswa mtengo, m'manja muli envulopu yaikulu yolembedwa kale adiresi. Aphunzitsi anatiwerengera kalata yonse, masamba atatu, mayina athu ali pansi. Ine ndinkangoyang'ana kumsewu. Alendo anga sankaoneka.

"Tiyeni timate," anatero a Kalaliki.

"Tiimvere komaliza," ndinatero. "Tisatsanzikane nayo?"

Anavomera monyinyirika. Ndinabweza kaseti ndi bolopeni pang'onopang'ono ngati dzanja lathyoka, mpaka a Kalaliki anandilanda. Nyimbo yoyamba inatha, palibe munthu. Dalaivala analiza hutala. Yachiwiri inayamba, ija ya kugwedeza usanatsegule. Ndipo pamenepo ndinaona njinga ikubwera, bambo wa makala akupalasa, mayi atakhala kumbuyo.

Sanafike pakhonde. Anatsika panjinga patali ndithu, njinga inagwa, sanaitole. Anayenda pang'onopang'ono, maso ali pa wailesi. Mayi aja anagwira pakamwa ndi dzanja, lamanzere.

"Awa ndi ndani?" anafunsa a Kalaliki. "Makala sitikufuna lero."

Bambo aja sanawamve. Anakweza chala chakuda ndi makala nati, "Apa ndilakwitsa."

Woimba wa mu wailesi analakwitsa.

"Iwe!" anatero bambo aja, ndipo wailesi inayankha kuti, "Iwe!"

Ine ndinayang'ana a Kalaliki. Ndikuvomera kuti ndinawayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Zangochitika," anatero a Kalaliki. "Aliyense akhoza kulota."

"Nyimbo yachinayi tambala alira," anatero bambo aja. "Anali wa oyandikana nawo nyumba. Anatisokoneza katatu. Tinamugula, tinamudya tsiku lomwelo."

Aphunzitsi anayamba kuseka, kuseka kosabisa, mpaka kope linagwa. Tinawapatsa benchi alendo athu, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono, m'Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe. Kale, nkhondo isanafike kwawo, bamboyu ankagwira ntchito ya njanji ku Moatize. Analipo anayi, openga ndi gulu lomwelo la ku Mangalande ngati ifeyo, kungoti iwo sanalekere pomvera. Anapeza magitala akale, n'kumaimba m'maholo Loweruka. Nyimbo za gululo zitawakwana anayamba kupeka zawo, mwa maimbidwe omwewo. Vuto linali Chizungu, panalibe wochidziwa. Ndiye mawu ankawatenga paliponse pomwe apeza Chizungu cholembedwa.

"Nanga iyi ya kugwedeza usanatsegule?" anafunsa Aphunzitsi, mawu atatsika.

"Botolo la mankhwala a chifuwa," anatero bambo aja.

Apa ndiye a Kalaliki anabweza. Anaseka mpaka kukhala pansi, akuloza Aphunzitsi, "Mtima wa munthu wachikondi! Ndakatulo yakuya!" Tonse tinaseka, ngakhale dalaivala amene anali atawoloka msewu kudzatenga envulopu yake anaseka osadziwa mutu wa nkhani.

Tili m'kati moseka, nyimbo inatha, ndipo mu wailesi munthu uja anaseka, kuseka kwake kokwera, kodukaduka kuja. Bambo wa makala anasiya kuseka. Anaika manja pa mawondo, misozi ikutsika n'kumalemba mizere pa fumbi la makala la kumaso.

"Mng'ono wanga," anatero. "Wa ng'oma."

Mayi aja ndiwo anamaliza nkhani. Tsiku lothawa, mlamu wawoyo anali atapita kumudzi kukaona makolo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanamve za iye, kaya ali moyo kaya ayi. Chithunzi chake analibe. Amuna awo anati kaseti isiyidwe, anthu a mfuti akaipeza panjira angafunse zambiri. Iwo anavomera pakamwa, koma anaibisa m'chitenje, ndipo tsiku lina masana akubisala m'tchire, amuna awo atapita kukafuna madzi, anasolola ulusi pa thumba n'kuisokera m'jekete. Sanawauze, poyamba kuopa kukalipidwa, kenako ankadikira kuti adzapeze kaye wailesi. Jekete itagulitsidwa anaona kuti kuwauza n'kuwapha kawiri, ndiye anangolira okha.

Ndinatsegula kadirowa, ndinatulutsa kansalu kaja ndi kuwapatsa. Anakatembenuza, anakhudza mfundo zitatu zija, nati, "Munadula bwino, simunaononge." Pa mayamiko onse amene ndinalandira pa ntchito yanga, amenewa ndimawakumbukira kuposa ena.

Aphunzitsi anatulutsa kaseti mu wailesi n'kuwaonetsa mawu ofiira aja. "Nanga apa analemba chiyani?"

"Osafufuta," anatero bambo aja. "Analemba ndi mng'ono wanga yemweyo. Ndinali ndi chizolowezi chojambula mpira wa pa wailesi pamwamba pa nyimbo."

Tsopano maso onse anali pa a Kalaliki. Kaseti inali yawo, mbuzi ndi bere lomwe. Envulopu inali m'manja, dalaivala ataima pambali akuyang'ana wotchi. Ndinkawadziwa a Kalaliki, munthu wosagonja, ndipo ndinali nditakonzeka kukangana nawo mpaka chibwenzi kutha. Anayang'ana envulopu, anayang'ana bambo aja, anapukuta thukuta.

"Ine ndinanena kuyambira pachiyambi," anatero, "kuti kasetiyi iyenera kubwerera kwa oimba ake. Sindinanene? Ndiye oimba ake ndi awa. Tapulumutsa masitampa." Anaitenga m'manja mwa Aphunzitsi n'kuipereka ndi manja awiri. Kenako anavula jekete. "Iyinso tengani. Ikundiotcha."

Bambo aja ataivala, manja a jekete analekeza pafupi ndi zigongono, poti paja ndinadula poyeza a Kalaliki. Tinasekanso. Mwamwayi zidutswa ndinali ndisanataye, telala sataya nsalu, ndipo Lolemba ndinalumikiza.

Madzulo ake nditawafotokozera mayi a kunyumba, sanadabwe n'komwe. "Ndiye ndinalakwitsa pati? Azungu anapanga, awa nawo apanga. Si zomwe ndinawerenga?" Nkhani imeneyi anandikumbutsa zaka zonse za ukwati wathu.

Kuyambira pamenepo Loweruka tinkakhala anayi. Aphunzitsi anabwereka gitala wa kwaya ya kutchalitchi, wa nsambo zinayi zokha, ndipo bambo wa makala ankatiimbira, zala zitauma ndi nkhwangwa, akudandaula kuti sizikumvera. Kwa ife zinkamvera ndithu. A Kalaliki anasintha nkhani, anayamba kuuza aliyense pa boda kuti iwo anazindikira tsiku loyamba lomwe kuti gitala ameneyu ndi wa kuno kwathu, azungu sangathe. Tinawapempha bambo wa makala kuti tijambuleko kaseti yathu, anavomera. Tinabwereka wailesi yachiwiri n'kuziyang'anitsa pakamwa ndi pakamwa, tonse titakhala chete. Ngakhale zinali choncho, m'kaseti yathuyo mumamveka thiraki ikudutsa, ndi a Kalaliki akuuza anthu kuti akhale chete.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo, magulumagulu. Tsiku lawo litayandikira, banja lija linabwera pakhonde kudzatsanzika, mayi atanyamula jekete ndi kaseti. Ndinati, "Bweretsani ndikusokereni pa makina, mphindi ziwiri zokha." Mayi aja anakana. Anati tsopano palibe choopa panjira, koma inabwera m'jekete, ibwereranso m'jekete, ndipo asoka okha. Anangopempha singano. Ndinawapatsa yabwino kuposa zonse, ndi ulusi weniweni, koma ulusiwo anabweza, anasolola wawo pa thumba. Ndinakhala pambali, ine telala wa zaka zambiri, ndikuonerera dzanja lamanzere likuyenda chobwerera, mpaka mfundo zitatu.

"Tikakam'peza mlamu wanga," anatero, "akamve yekha mmene ankasekera."

Tonse tinkadziwa kuti ambiri amene anatsala sanapezeke. Anakwera galimoto m'mawa mwake. Madzulo ndikulongedza zipangizo ndinaona kuti singano yanga yapita nawo. Ndinadandaula pang'ono, poti inali singano yabwino.

Panapita chaka ndi miyezi ingapo. Tsiku lina masana thiraki inaima patsidya, dalaivala amene sindinkamudziwa anawoloka msewu n'kufunsa ngati ndine telala wa magitala. Anandipatsa kansalu ka thumba kopindapinda, nati wapatsidwa ndi mayi wina ku Moatize. Nditatambasula, singano yanga inali yobayidwa pakona. Pakati pa kansaluko panali mawu amodzi osokedwa ndi ulusi, zilembo zopendekera kumbali ina: TAMPEZA.

Ndinasiya buluku la munthu pa makina, mwendo umodzi wosoka wina wosasoka, ndinathamanga mpaka ku boda kukawauza a Kalaliki.